A Chiswamatope a ku Likhubula

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike, pakuti amene tikuwatamanda lero samva zonong'ona. Eni akewo ndi aphokoso. Ndi-ndi-ndi! Ndi-ndi-ndi!

Inu a Chiswamatope! A Land Cruiser a kwa Toyota, obadwira ku Japan, okulira m'fumbi la pa Chitakale. Inu a Miyendo-inayi-yonse-njokoka! A Msambathope, otsukidwa m'mawa, masana mwada kale. Njati yopanda nyanga, yomwa dizilo, yotsokomola utsi ikaona chitunda. Mtundu wanu uja wa 70 unatuluka mu 1984, chaka chomwe Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndiwo mtengo wa fuko lino. Mtengowo ukutha m'phirimo, inu mukadali pamsewu, phwii, kusefukira ndi katundu.

Pamsewu wa phula sitikutamandani ayi, tinganame. Pamenepo ndinu nkhalamba: minibasi yochokera ku Limbe imakudutsani ngati mwaima, ndipo wokhala kumbuyo kwanu amatsika atagwira msana, akutukwana masipulingi anu olimba ngati mpini wa khasu. Koma phula likatha, pokhotera ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula, apo ndiye pabwalo panu. Ikwezeni ng'omayo!

Taonani mwambo wake. Dalaivala watsika, wanyonyomala pa tayala lakutsogolo, wapotokola kachitsulo ka pakati pake kuchoka pa FREE kufika pa LOCK. Wazungulira, wachitanso chimodzimodzi ku tayala linalo, wapukutira zala pa buluku. Wakwera, wakoka kagiya kakafupi kaja kokhala pambali pa giya yaikulu, khweche! Basi mwasanduka nyama ina. Injini ikubangula ngati mukuthamanga, pamene matayala akuyenda mwachifatse, onse anayi akukumba pamodzi. Inu a Kamba-wachitsulo! Mwana wopita kusukulu angathe kukupitirirani wapansi, koma chokubwezani m'mbuyo palibe. A Chipondamiyala, okwera thanthwe tayala limodzi limodzi ngati munthu wokwera makwerero a nkhokwe. A Mkanda-mizu, oponda muzu wa paini n'kuusiya wosendeka.

Ndi-ndi! Ndi-ndi-ndi!

Inu a Saopa-chiperoni! Chikatsika chiperoni kuchokera ku Mozambique, nkhungu n'kuphimba minda ya tiyi ya ku Lujeri, mvula yamawawa n'kugwa masiku atatu osakata, katondo wa m'misewu ya kuphiri amaterera ngati therere. Pamenepo ndi pomwe timadziwa dalaivala ndi wongogwira chiwongolero. Wanzeru potsetsereka saponda buleki. Amakusiyani mu giya yoyamba kuti injini ikugwireni yokha, inu n'kumatsika mukung'ung'udza. Wopupuluma akaponda, matako anu amatsogola, mutu n'kuyang'ana kumene mwachokera.

Ndipo tinene zoona, a Chiswamatope, mumatitimira nanunso. Tinakuonani mimba ili gwaa pa thope, tayala limodzi lili m'malere likuzungulira lokha ngati gudumu loseweretsa ana, linzake lakumaso lili phee, mphamvu yonse ikuthawira kumene kulibe chogwira. Apo ulemu umatha. Bwana, mlendo, mlonda wa nkhalango, onse pansi. Wina fosholo, wina jeke, wina athyole nthambi za bulugama, wina atole miyala yoponya kunsi kwa tayala. "Tiyeni nazo! Wani, thuu!" Woima kumbuyo kwa tayala ndiye amadya thope, m'kamwa ndi m'makutu momwe. Mukatuluka, vuuu, mumaimirira patsogolo apo ngati munadzitulutsa nokha.

Inu a Nyamulani-zonse! Mwanyamula mbande za mkungudza m'machubu akuda, zikugwedezeka ngati ana a sukulu ya mkaka. Mwanyamula mayi wa pakati usiku, mutavala zoyera za ambulansi, kuchokera kumidzi ya kutsinde kwa phiri mpaka kuchipatala. Mwanyamula ozimitsa moto mu Okutobala, udzu wa m'phiri ukulilima. Mwadutsa pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 kutsekereza ogulitsa akapolo, inu n'kutsikira ku Nkhulambe mabawuti onse akulira.

Tsitsani ng'oma pang'ono, apa pali mawu.

Simufunsa kuti katunduyu ngwa yani. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa ndi boma kukhala yotetezedwa mu 1927, koma macheka sanagonepo, ndipo matabwa onunkhira aja akatsika m'phiri pamitu ya anthu, sapita okha mumzinda. Alipo abale anu amene amayenda nyali zozima, makala ndi matabwa zitafundidwa lona. Masana mbande, usiku matabwa: msana womwewo. Ife oimba ng'oma sitibisa zimenezo, ngakhale mutipatse lifiti.

Ikwezeninso! Ndi-ndi-ndi-ndi!

Inu a Mwoloka-mitsinje, olowa m'madzi mpaka m'mawondo, chipaipi chopumira chili njo pambali pa galasi ngati chitamba cha njovu. Koma mkulu wanu alipo, dzina lake Napolo. Anatsika ku Michesi mu Malichi 1991 n'kusesa Phalombe. Anabweranso ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduka, milatho n'kupita, misewu ya ku Muloza ndi ku Nkhulambe n'kuduka. Masiku amenewo munaima tsidya lino, injini ikulira, anthu n'kutsitsa matumba a ufa pamsana panu kuwasenza pamutu.

Pamutu! Mawu ake ndi amenewo. Phiri ili, lomwe UNESCO inaliika m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, silinalolepo tayala lanu pamwamba pake. Sapitwa, wa mamita 3,002, mumangomumvera kwa otsika. Ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani simunapondeko. Njira ikasanduka makwerero a miyala, pafupi ndi njira ya ku Dziwe la Nkhalamba, mumazima, chitseko chakumbuyo n'kutsegulidwa. Anyamata onyamula katundu, ena atavala nkhwaira, ena mapazi okhaokha, amagawana zikwama, mbande ndi ufa, n'kulowa m'nkhungu mmodzi mmodzi. Ng'oma yanuyi, a Chiswamatope, igawaneni nawo, ndipo gawo lalikulu likhale lawo.

Inu tsalani pamthunzi pomwepo, thope likuuma m'nthiti, injini ikuzizira thi, thi, thi. Kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe ndi maola atatu kapena anayi, wapansi.