Owerenga Fumbi la ku Luangwa

Munthu wochokera ku Katete kapena ku Sinda akadzera ku Chipata n'kutsetserekera ku Mfuwe m'mwezi wa Okutobala, amapeza chigwa cha Luangwa chitauma gwa. Tsanya wayoyola masamba, mtsinje waphwa n'kusiya mchenga, mvuu zapanikizana m'maiwe otsala. Nyengo imeneyi ndi pamene luso la operekeza alendo wapansi m'paki ya South Luangwa limaonekera poyera.

Ulendo umayamba m'bandakucha, ndipo pali chifukwa chake. Dzuwa likakhala m'munsi, phazi lililonse limakhala ndi mthunzi m'kati mwake; likafika pamutu, fumbi lonse limaoneka chimodzimodzi. Patsogolo pamayenda msilikali wa zanyama atanyamula mfuti, pambuyo pake woperekeza, kenako alendo pamzere umodzi, pakamwa ali chete.

Taonani woperekezayo akaima n'kugwada. Phazi la fisi ndi la kambuku n'zoyandikana kukula, koma iye sazengereza: la fisi limaonetsa zikhadabo, pamene kambuku amabisa zake poyenda. Chitendene cha mkango ndi kambuku chili ndi timabwampu titatu kumbuyo, cha fisi tiwiri. Akatero amafunsa funso lovuta kuposa: nyamayi yadutsa liti? Ngati nkhanga zaponda pamwamba pa phazilo, mwiniwake anadutsa nkhanga zisanatsike m'mitengo. Ngati m'mphepete mwake mukadali mwakuthwa, mphepo isanagumule, ndiye kuti sali patali. Ndowe ya njovu amaiswa ndi kuikhudza m'kati. Ikakhala yofunda, gulu lonse limachepetsa liwiro.

Makutu nawo ali pantchito. Anyani akabwebweta pamwamba pa mtengo, nswala n'kumafwenthera mbali imodzi, iye amadziwa kumene chilombo chagona ngakhale sanachione. Amatapa fumbi n'kulimwaza kuti aone kolowera mphepo, pakuti njovu siona bwino koma mphuno yake sinama. Choncho njira yake imakhotakhota, kuti fungo la anthu lisafike kwa nyama.

Maulendo oterewa amagwirizanitsidwa ndi dzina la Norman Carr, amene mu 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kupatula malo osungiramo nyama, ndalama za alendo n'kumapita kwa eni dera. Paki ya South Luangwa, yokula masikweya kilomita 9,050, inakhazikitsidwa mu 1972. Koma nzeru yowerenga mapazi ndi yakale kuposa zonsezi; alenje a m'chigwamo ankaidziwa kalekale. Chasintha n'chakuti kale ankalondola nyama kuti aiphe, lero amailondola kuti aione n'kuisiya ikudya.

Chimake cha lusoli ndi kudziwa poimira. Njovu yaikazi yokhala ndi mwana, kapena njati yokalamba yoyenda yokha, woperekeza wodziwa ntchito amaizungulira patali, ngakhale alendo akhumbe kuyandikira kuti ajambule. Mmisiri weniweni pantchitoyi ndi amene amabweza alendo ake kumsasa ataona zambiri, nyama osaidzidzimutsa, mfuti osalira.