Mtsikana wa m'nthano zathu sadziwa njira ya kuchipatala

Ndawerenga nthano zambiri za m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, ndipo pali imodzi imene imangobwerabwera. Mtsikana wa Folomu 3 akumana ndi bambo wagalimoto, atenga pathupi, asiya sukulu, kenaka alira. Mlembi amaliza ndi chilango. Inenso ndidalembapo yotere, sindingakane.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti m'nthano zimenezi mawu oti kulera samveka. Mtsikanayo amadziwa mtengo wa wigi ndi wa foni, koma za mapiritsi kapena jakisoni ayi. Pajatu boma la Kamuzu, litakana kwa zaka zambiri, lidavomera kubereka mwa patalipatali mu 1982, ndipo Banja La Mtsogolo lidayamba ntchito mu 1987. Kuchipatala cha boma jakisoni wa miyezi itatu salipiritsa. Nanga bwanji mtsikanayu sapitako?

Apa ndiye pali nkhani imene alembife tikuithawa. Zaulerezo zili ndi mtengo wake: ndalama ya kabaza, tsiku lathunthu pamzere atajomba kusukulu, diso la namwino likaona yunifolomu, ndiye pofika kutsogolo n'kumva kuti mankhwala atha. Chipatala chapafupi chikakhala cha Akatolika, njira zamakonozi sapereka. Mayi wogulitsa mandasi naye amawerengera zonsezi usiku ali chigonere, koma sitidamulembepo.

Ngakhale ndondomeko ya 1993 yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka sidafikebe m'nthano zathu. Patsamba lomaliza iye amakhala akulirabe, bambo wagalimoto uja atapita kalekale.