Limba la mipope ndi makwaya athu

Masiku ano ku Ulaya machalichi ambiri akutsekedwa cifukwa ca kucepa kwa opemphera, ndipo malimba ao akale a mipope akufuna kolowera. Mu mzinda wa Wuppertal ku Germany muli chalichi cimene cinasanduka msika wa malimba otere. Amawaphwasula mpope umodziumodzi, kuwalongedza m'mabokosi, nkuwatumiza kumaiko ena. Nkhaniyi ikamveka kuno, pamakhala wina wonena kuti: bwanji osapempha limodzi, liime ku Massangulo kapena ku Cuamba? Ine ndikuti tisathamange.

Limba lotere si mphika woti ungausamutse nkuuteleka pamafuwa ena. Mpope uliwonse uli ndi liwu limodzi lokha, conco ngakhale limba laling'ono limakhala ndi mipope mazana, ina ya citsulo cofewa, ina ya matabwa. Mphepo imacokera mu mvukuto wacikopa, wofanana ndi wa osula makasu. Mmisiri amacuna mpope uliwonse molingana ndi nyumba imene limbalo lidzaimemo. Mukalisamutsa, nchitoyo imayambanso. Tsono ganizirani cinyezi ca Januwale, kutentha kwa Okutobala, ciswe cimene sicisiyanitsa mtanda wa denga ndi thabwa la limba, ndiponso makoswe amene cikopa ndi ndiwo kwa iwo. Nanga likadwala, sing'anga wake tidzam'peza kuti?

Amishoni akale ankazidziwa izi. Ku Blantyre, chalichi ca St Michael and All Angels cinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, koma limba linalowamo mu 1907, ndipo kumeneko kunali pamalo pa amisiri ndi ndalama za ku Scotland. Kumidzi kunkapita limba laling'ono lopopa ndi mapazi, lopanda mipope, loti amuna awiri nkunyamula. Mishoni ya Massangulo, imene Padre Pietro Calandri wa Consolata anayambitsa mu 1928, ndi ya m'nyengo ya malimba oterowo. Kenako msonkhano waukulu wa Vatican, m'cikalata cake ca 1963, unalemekeza limba la mipope koma unatsegulanso khomo ku zoimbira za anthu a m'maiko a mishoni. Ng'oma ndi maseche zinalowa pa Misa. Anthu athu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo anabwerako, mtendere wa 1992 utafika, ndi nyimbo zatsopano m'kamwa.

Cimene cikundivuta ine si kusowa kwa mipope ai. Ndi kibodi. Nchito yanga ya pawailesi imandipatsa mwai womvetsera nyimbo za makwaya ambiri a maboma atatuwa, Akatolika, a Anglican ndi a mipingo ina, ndipo zoculuka zimayamba mofanana: mnyamata akanikiza batani, makina ayamba kugunda okha, kwaya ithamangira pambuyo ngati munthu amene sitima ya ku Nampula yam'siya. Mau a nyimbo amamezedwa. Amai a liwu lokhuthala aja, amene kale ankanyamula chalichi conse, samvekanso. Nyimbo ya maliro ndi ya ukwati zimatuluka ndi mayendedwe amodzi.

Limba lakale, kaya la mipope kaya lopopa, linali ndi khalidwe limodzi labwino: linkapuma mphepo ngati munthu. Woimba ankadikira mpingo pamapeto pa mzere, agogo nkukoka mpweya, onse nkuyambira pamodzi. Ng'oma nayo imatero, pakuti woomba amayang'ana mapazi a anzake. Makina sadikira munthu. Si kuti kibodiyo ndi yoipa, poti batani lozimitsira kugundako lilipo, ndipo ndinamvapo kwaya ina ya kumudzi kufupi ndi Mandimba imene inalizimitsa, nkusiya kibodi ingogwira liwu pansipansi, ng'oma ziwiri zikutsogolera. Omvera anaimba foni kupempha kuti ndiibwereze.

Conco wina akabwera ndi mphatso ya limba la mipope, ndimufunse kaye kuti aphunzitsa ndani kuliimba, ndipo adzalicuna ndani pakatha zaka zisanu. Ngati yankho palibe, ndalama ya kontena imodziyo ikhoza kulipira mphunzitsi wa nyimbo woyenda panjinga kucokera Ngauma mpaka Cuamba, ndi kugula zikopa zatsopano za ng'oma zimene zikuola kuseri kwa sakristiya.