Kukonda kompyuta, koma m'chinenero chiti?

Kafukufuku wambiri woona mmene maphunziro a kompyuta amasinthira maganizo a aphunzitsi a kuyunivesite amayenda njira imodzi. Aphunzitsi amayankha mafunso asanayambe maphunzirowo, n'kuyankhanso atamaliza. Mayankho akasintha, wofufuza amalemba kuti mantha atha. Kawirikawiri mafunsowo amatsamira pa ganizo limene Fred Davis anafalitsa mu 1989, loti munthu amalandira chipangizo akaona kuti n'chothandiza ndiponso n'chosavuta kugwiritsa ntchito.

Njirayi si yachabe. Aliyense amene anaphunzitsa mu 2020, Covid-19 itatseketsa sukulu, akudziwa kuti kuopa kompyuta kumaimitsa ntchito. Koma kuno ku Tete funso la Davis likupereŵera. N'chothandiza, inde, koma m'chinenero chiti?

Tete ndi Gaza ndi zigawo ziwiri momwe pulojekiti ya PEBIMO inayesera kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuno zinali Chinyanja ndi Chipwitikizi. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Furancungo, m'boma la Macanga, amafika kusukulu akulankhula Chinyanja. Amene adzamuphunzitse amasulidwa ndi aphunzitsi a kuyunivesite ndi a m'masukulu a uphunzitsi, omwewo amene kafukufukuyu amawayeza.

Tiyeni tione zimene mphunzitsi wa kuyunivesite amakumana nazo pa maphunzirowo. Zonse za pa sikirini zili m'Chipwitikizi. Akalemba chiganizo cha Chinyanja mu Word, mawu ake amadulidwa mzere wofiira kunsi ngati olakwika. Ngati sanamuonetse mothetsera mzerewo, kapena mopezera chilembo cha ŵ, kapena mosinthira nkhani yolembedwa ndi "ch" wa ku Malawi kuti ikhale ndi "c" wa kalembedwe ka ku Mozambique, amatuluka ataphunzira zinthu ziwiri: kuti kompyuta siluma, ndiponso kuti kompyuta ndi ya Chipwitikizi. Mafunso a wofufuza amaona choyambacho basi. Chachiwiricho ndicho chimapita kwa ophunzira ake, mpaka kukafika m'kalasi yoyamba ku Macanga.

Tisamangoyeza zimene mphunzitsi wanena pa tsiku lolandira satifiketi, pamene aliyense amafuna kusangalatsa amene anamuitana. Tibwerere patapita miyezi ingapo n'kupempha kuona ntchito: kankhani ka Chinyanja ka tsamba limodzi, kolembedwa pa kompyuta, koti kangatumizidwe pa WhatsApp n'kuwerengeka pa foni ya mphunzitsi wa kusukulu yopanda magetsi. Tsambalo likapezeka, tinganene kuti maganizo asinthadi.