Mwini malo a nambala 6 ndani? Mkangano wa Endo ndi Gravenberch ku Liverpool

Pa malo khumi ndi amodzi a m'timu ya mpira wamiyendo, palibe amene amakanganitsa ochemerera nthawi yaitali kuposa malo a wosewera wapakati yemwe amaima kutsogolo kwa otseka kumbuyo, uja timamutchula kuti nambala 6. Mkangano wa womwetsa zigoli suchedwa kutha chifukwa zigoli zimawerengeka. Wa goloboyi nawonso sutalika, popeza akaphonya mpira bwalo lonse limaona. Nambala 6 yekha ndiye amagwira ntchito imene ikayenda bwino siyisiya chizindikiro. Mdani amene amafuna kudutsa pakati wabwerera, mpira umene ukanabala chigoli sunaponyedwe n'komwe, ndipo oonera sadziwa kuti panali ngozi. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kuonera limodzi mphindi 90, wina n'kutuluka akunena kuti mnyamatayo ndiye wanyamula timu, mnzake akunena kuti sanamuone m'bwalo.

Pakati pa 2023 ndi 2025 ochemerera Liverpool anakhala ndi mkangano wotere, kuyambira pa Anfield penipeni mpaka m'nyumba zoonetsera mpira za ku Ndirande, ku Chipata ndi ku Tete. Mkanganowu ndi wofunika kuuyang'ana bwino chifukwa mbali zonse zinali ndi umboni, ndipo njira zimene anthu ankaweruzira ndi zomwezo zimene timagwiritsa ntchito pa timu ina iliyonse.

Gwero lake linali kuchoka kwa Fabinho. Mbrazili ameneyu anabwera kuchokera ku Monaco mu 2018, ndipo ndi iye amene ankatseka pakati pamene Liverpool inatenga Champions League mu 2019 ndi ligi ya England mu 2020. M'chaka cha mpira cha 2022/23 miyendo yake inayamba kulemera, timu inathera pa nambala 5, ndipo mu 2023 anapita ku Al-Ittihad ya ku Saudi Arabia. Liverpool inathamangira Moisés Caicedo wa Brighton ndi ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni, koma iye anasankha Chelsea, imene inamugula pa mtengo wofika mapaundi 115 miliyoni. Roméo Lavia wa Southampton naye analowera ku Chelsea komweko. Kenako kunatulukira Wataru Endo, kaputeni wa Japan, wa zaka 30, wochokera ku Stuttgart, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 16 miliyoni. Tsiku lotseka msika kunabweranso Ryan Gravenberch wa zaka 21, amene ankangokhala pa benchi ku Bayern Munich, ndipo panthawiyo palibe ankamuganizira za malo a nambala 6.

Chiweruzo choyamba cha ochemerera chinachokera pa mtengo. Ambiri anamutenga Endo ngati ndiwo zogula msika utatha, zongoti nsima isadyedwe yokha. Anaiwala kuti munthuyu anatsogola pa osewera onse a Bundesliga pa kupambana polimbirana mpira zaka ziwiri zotsatizana, komanso kuti ndi iye amene anamwetsa chigoli cha m'nthawi yoonjezera pokumana ndi Köln mu 2022, chimene chinapulumutsa Stuttgart kuti isakalimbirane malo ake mu ligi yaikulu. Mtengo wa wosewera umanena zambiri za msinkhu wake, zaka zimene zatsala pa kontrakiti, ndi kuuma mtima kwa timu yogulitsa. Za mmene adzasewerere Loweruka umanena zochepa kwambiri.

Jürgen Klopp naye sanafulumire kumukhulupirira. Miyezi yoyamba anaika Alexis Mac Allister pamalopo, wosewera amene anatenga World Cup ndi Argentina mu 2022 akusewera kutsogoloko pang'ono. Mac Allister amadziwa kugawa mpira, koma kumuika yekha kutsogolo kwa Virgil van Dijk kunali ngati kutuma mmisiri wa mipando kukawaza nkhuni: ntchito imagwirika, luso lake n'kumaonongeka. Endo anayamba kukhazikika mu Disembala 2023, mwezi umene anamwetsa chigoli chofananitsa pamene Liverpool inagonjetsa Fulham 4-3 kumapeto kwenikweni. Tsiku lake lalikulu linali 25 Febuluwale 2024 pa Wembley, mu ndime yomaliza ya Carabao Cup. Anasewera mphindi zonse 120 moyang'anizana ndi Caicedo ndi Enzo Fernández, osewera awiri amene aliyense anadya ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni, ndipo Liverpool, itadzaza ndi anyamata a ku akademe, inapambana 1-0 ndi chigoli cha mutu cha van Dijk. Tsiku lomwelo Gravenberch anatuluka pa machira m'chigawo choyamba Caicedo atamuponda pa kakolo.

Apa ochemerera anatembenuka, koma muyezo wawo sunasinthe. Amene ankanyoza Endo chifukwa chotchipa anayamba kunyoza Caicedo chifukwa chodula. Masewero amodzi anasanduka chigamulo cha moyo wonse wa osewera awiri. Chaka chotsatira Caicedo anayamba masewero onse 38 a ligi ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa Chelsea. Wembley inaonetsa kuti Endo ndi wosewera weniweni. Sinaonetse kuti Liverpool inachita mwayi pomanidwa Caicedo.

Klopp atachoka mu 2024, Arne Slot anabwera kuchokera ku Feyenoord ndipo chinthu choyamba chimene anafuna chinali nambala 6 wina. Maso ake anali pa Martín Zubimendi wa Real Sociedad, amene analowa m'malo mwa Rodri pa theka la ndime yomaliza ya Euro 2024, Spain n'kugonjetsa England 2-1. Zubimendi anakana kusamuka. Aliyense anayembekezera kuti basi malo abwerera kwa Endo. Slot anamulambalala n'kuika Gravenberch. Malaya awo analembedwa 3 ndi 38, koma mkangano wa nambala 6 unali wa awiriwa tsopano.

Kuti tiweruze mwachilungamo tiyenera kufunsa kaye kuti malowa amafuna chiyani, chifukwa dzina limodzi likubisa ntchito zingapo. Ntchito yoyamba ndi kutseka njira: kuima pamene mdani akufuna kudutsitsa mpira kuti asinthe maganizo. Yachiwiri ndi kukwirira dzenje limene otseka m'mbali asiya akakwera kutsogolo, ndipo ku Liverpool ya Trent Alexander-Arnold ndi Andy Robertson dzenjelo linkakhala lalikulu. Yachitatu ndi kulanda mpira, mwina ndi kugwetsa munthu mwadala pakati pa bwalo n'kulandira khadi lachikasu kuti timu ipume. Yachinayi, imene masiku ano yakula kuposa zonse, ndi kulandira mpira kuchokera kwa goloboyi kapena otseka kumbuyo iwe utafulatira kumene timu ikupita, mdani ali pamsana pako, n'kutembenuka nawo osautaya.

Oonera amaona bwino ntchito yachitatu yokha. Munthu akadziponya pansi n'kuchotsa mpira pa mapazi a mdani, nyumba yoonetsera mpira imagwedezeka. Endo amachita zimenezi bwino kuposa Gravenberch, ndipo ochemerera ake sanama akamati ali ndi mtima wa nkhondo. Koma kudziponya pansi kawirikawiri kumabwera chifukwa chakuti wosewera wachedwa kufika pamene amayenera kuima. Amene waona ngozi msanga amangoyenda masitepe atatu n'kutambasula mwendo, ndipo palibe amamuombera m'manja. Kuwerenga maulendo amene nambala 6 walanda mpira kuli ngati kuyesa mlonda ndi chiwerengero cha akuba amene walimbana nawo. Mlonda amene akuba amaopa kuyandikira mpanda wake adzaoneka waulesi pa muyezo umenewo.

Mpira wa Klopp ndi wa Slot unkafuna zinthu zosiyana pamalowa. Klopp ankakonda kuti timu ithamangitse mdani ikangotaya mpira, masewero akhale a liwiro, mpira uzigwa paliponse. Pamenepo pamafunika munthu wolimba wotola mipira yotayika, ndipo Endo anali woyenera. Slot ankafuna timu iyambire mpira kumbuyo modekha, ikope adani kuti abwere pafupi, kenako iwadutse. Apa nambala 6 ndiye khomo. Endo akalandira mpira atapanikizidwa, kawirikawiri amaubwezera kumbuyo kapena m'mbali, zomwe sizolakwika koma zimasiya adani ali m'malo awo. Gravenberch, wamtali mamita 1.9, woleredwa ku Ajax, ali ndi kachitidwe kake: amapendeketsa thupi ngati akupita uku, mpira n'kuusiya udutse kutsogolo kwake, mdani n'kutsala akugwira mphepo. Akatero osewera awiri kapena atatu a mdani ankakhala kumbuyo kwa mpira, ndipo Mohamed Salah ankaulandira ali ndi malo. Pa mpira umene Slot ankafuna, malowa anali a Gravenberch, ndipo zotsatira zikuvomereza. Liverpool inatsimikiza ligi pa 27 Epulo 2025 pogonjetsa Tottenham 5-1, chikho chake cha ligi cha nambala 20, ndipo Gravenberch anasankhidwa kukhala wosewera wachinyamata wabwino koposa mu Premier League.

Komabe ochemerera Gravenberch asathamangire kutseka nkhani, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene amadumpha. Choyamba, mnyamatayu sankaima yekha. Mac Allister ankatsika kudzaima pambali pake, Dominik Szoboszlai n'kumathamanga kutsogolo kwawo mosatopa. Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu, ndipo n'kulakwa kutamanda fuwa limodzi kuti ndilo laphika nsima. Funso lakuti "Endo kapena Gravenberch?" limayesa osewera ngati kuti aliyense akanalowa m'bwalo lopanda anzake. Gravenberch wosiyidwa yekha ngati mmene Fabinho ankasiyidwira akanaonetsa zofooka zimene anzake awiri ankaphimba, chifukwa chibadwa chake ndi kupita kutsogolo, ndipo nthawi zina amachedwa kuona wothamanga kumbuyo kwake.

Chachiwiri, Slot anamusewereza pafupifupi masewero onse a ligi, ndipo pofika Malichi 2025 pakati pa Liverpool panaoneka kutopa. Paris Saint-Germain inawatulutsa mu Champions League pa mapenate, ndipo patapita masiku asanu Newcastle inawagonjetsa 2-1 pa Wembley, Bruno Guimarães, Joelinton ndi Sandro Tonali akupambana pafupifupi paliponse pamene panafunika mphamvu. Tsiku ngati limenelo ndi limene mbali ya Endo ili ndi mlandu womveka. Mphunzitsi amene ali ndi kaputeni wa dziko pa benchi, wodziwa nkhondo ya pakati, n'kumamulowetsa mphindi khumi zomaliza zokha kuti ateteze chigoli, sanagwiritse ntchito zonse zimene anali nazo. Endo anagwira ntchito ya kumapetoyo mokhulupirika, ndipo ochemerera a pa Anfield anamukonda nayo, koma akanapatsidwa masewero ochulukirapo m'miyezi yozizira, mwina Gravenberch akanafika mu Malichi ndi miyendo. Pamenepa cholakwa chili kwa wosankha timu, osati kwa mmodzi mwa osewera awiriwa.

Mbiri ya mpira yachenjeza kale za malowa. Mu 2003 Real Madrid inagulitsa Claude Makélélé, mwana wobadwira ku Kinshasa, ku Chelsea, m'nyengo yomweyo imene inagula David Beckham. Inadikira mpaka 2007 kuti itengenso ligi ya Spain, pamene Chelsea ya José Mourinho inatenga ligi ya 2004/05 itachinyidwa zigoli 15 zokha. Mu Seputembala 2024 Rodri anavulala bondo pokumana ndi Arsenal, mwezi wotsatira n'kulandira Ballon d'Or akuyendera ndodo, ndipo Manchester City, imene inali itatenga ligi zaka zinayi zotsatizana, inagonja masewero asanu motsatizana. Nambala 6 ali ngati mchere m'ndiwo, timamukumbukira tsiku limene palibe. Vuto la muyezo umenewu n'lakuti umafika mochedwa, munthuyo atagulitsidwa kale kapena ali m'chipatala.

Pali njira yomuonera akadali m'bwalo, ndipo siyifuna kompyuta. Kwa mphindi khumi zokha siyani kutsata mpira, muyang'ane iyeyo. Onani ngati amatembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo mpira usanamufike. Onani kumene amaima pamene timu yake ikuukira, chifukwa ndi pamenepo pamene amaletsa kapena kulola kuti adani abweze mwadzidzidzi. Onani ngati otseka kumbuyo akumupatsa mpira ali pakati pa adani, kapena akumulambalala n'kuuponya patali. Osewera anzake amadziwa amene angamudalire kuposa ife tonse. Kanema amatsata mpira, choncho pa wailesi yakanema zimavuta, komabe zambiri zimaoneka kwa wodekha.

Mukatero mudzapeza kuti funso loyenera kufunsa pa benchi la nyumba yoonetsera mpira lili ndi mbali zitatu: timu ikufuna kusewera motani, ndani akuima pambali pa munthuyo, ndipo mdani wa lero ndani. Pa Liverpool ya Slot ya 2024/25 yankho linali Gravenberch masiku ambiri ndi Endo masiku ena, ochulukirapo kuposa amene anapatsidwa. Zubimendi, amene kukana kwake kunatsegula mkangano wonsewu, anasamukira ku Arsenal mu Julaye 2025, kumene ochemerera anayamba pomwepo kukangana za malo amene Declan Rice ayenera kuima.