Galu Amene Luso Lake Ndi Kusasuntha

Galu wosaka timamutama chifukwa cha liwiro, wolondera chifukwa cha kuuwa. Agalu amene bungwe la National Service Dogs, la mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Ontario ku Canada, lakhala likuphunzitsa kuyambira mu 1996 ntchito yawo ndi ina: kuima nji pamene mwana akuwakoka ndi mphamvu zake zonse.

Agaluwa amaperekedwa kwa ana amene ali ndi vuto la autism. Ana ambiri otere amangothawa mwadzidzidzi, osasamala za galimoto kapena madzi akuya. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya madokotala ya Pediatrics anapeza kuti pafupifupi theka la anawa anayesapo kuthawa atakwanitsa zaka 4. N'chifukwa chake mabanja ena amasiyiratu kupita kumsika kapena kutchalitchi limodzi, wina amatsala pakhomo ndi mwana.

Nzeru ya ophunzitsa agaluwa ili pa zingwe ziwiri. Mwana amamanga lamba m'chiuno, ndipo chingwe chachifupi chimachokera pa lambayo kukafika pa chovala cha galu. Chingwe chachiwiri chimakhala m'manja mwa mayi kapena bambo, amene amayenda cham'mbuyo pang'ono. Mwana akangoti athawe, kholo limalankhula mawu amodzi, galu n'kuima kapena kukhala pansi. Sauwa, sabweza mwana ndi mano, sachita mantha ndi kulira kwake. Kulemera kwa thupi lake ndiko kumagwira ntchito, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene amakondera agalu a mtundu wa Labrador ndi Golden Retriever, ofatsa koma amphamvu.

Chimene chimandigometsa ine n'chakuti galuyu amamvera kholo koma mtima wake uli pa mwana. Galu aliyense amatsata amene akumulamula. Uyu amayenera kutchera khutu kumbuyo, maso ali pambali. Mwananso saona ngati wamangidwa. Pa chovala cha galu pamakhala chogwirira, ndiye m'maganizo mwake iyeyo ndi amene akuyendetsa galu. Dzanja la mayi ake ankalikana, chogwirira amachigwira yekha.

Kufatsa kotereku sikubwera tsiku limodzi. Kagalu kakakwanitsa milungu pafupifupi 8 kamapita kubanja longodzipereka, limene limakalera kwa chaka ndi miyezi ingapo, kumapita nako m'masitolo, m'mabasi ndi pakati pa phokoso la ana asukulu. Kenako akatswiri amamutenga galuyo kukamuphunzitsa kwa miyezi ina. Zonse pamodzi zimatenga pafupifupi zaka 2, ndipo agalu ambiri amalephera. Wina amadzidzimuka ndi phokoso, wina sangapirire kuona chakudya chitagwa pansi. Oterewa amakangokhala agalu apakhomo, palibe chowakakamiza.

Pali ntchito inanso imene sionekera kwambiri. Mwana akasokonezeka ndi phokoso kapena kuwala n'kuyamba kudzimenya, galu amauzidwa kuti aike mutu pamiyendo pake kapena agone modutsa miyendoyo. Kupsinja pang'ono kumeneku kumakhazika ana ambiri mtima pansi. Ku Quebec, ofufuza anayeza ana 42 amene analandira agalu a bungwe la Mira. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2010, zinaonetsa kuti cortisol, mtundu wa timadzi ta m'thupi umene umayenderana ndi nkhawa, sunkakwera kwambiri ana akadzuka m'mawa galu ali pakhomo, ndipo unayambiranso kukwera agaluwo atachotsedwa.

Galu sachiritsa autism, ndipo si mwana aliyense amene amagwirizana naye. Salowanso m'malo mwa kholo, chifukwa popanda munthu wamkulu wogwira chingwe chachiwiri ntchitoyi siyenda. Inu amene mukukhala ku Toronto, London kapena Dublin, mukakumana ndi galu wovala chovala cha ntchito ali ndi mwana, musamuimbire likhweru kapena kumusisita. Lankhulani ndi kholo, galuyo mumusiye aone mwana wake.