Dongo m'chakudya cha nkhuku zanyama: umboni ukufika pati?

Malipoti ambiri a kafukufuku amayamikira dongo la bentonite kuti limathandiza nkhuku zanyama kugaya chakudya ndi kukula msanga. Chiyamikiro chimenechi chili ndi malire ake, ndipo alangizi ndi alimi otsogolera a ku Tukombo ayenera kuwadziwa malirewo asanapereke uthengawu kwa alimi.

Umboni wamphamvu ndi wokhudza aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha m'chimanga ndi mtedza. Mu 1988, Timothy Phillips ndi anzake ku yunivesite ya Texas A&M anaonetsa kuti dongo loyeretsedwa, pa mulingo wa 0.5 peresenti, limachepetsa kuwonongeka kwa nkhuku zodya aflatoxin. Mulingowu ndi magalamu 250 pa thumba la makilogalamu 50. Dongolo limagwira poizoni m'matumbo n'kutuluka naye m'chitosi asanafike kuchiwindi. Zimenezi n'zofunika m'dera la chinyezi ngati Nkhata Bay, komwe madeya sachedwa kuchita chuku nthawi yadzinja.

Vuto limabwera zotsatirazi zikamatanthauziridwa ngati dongo ndi lokulitsa nkhuku. M'mayeso ambiri, ofufuza amathira dala aflatoxin wochuluka m'chakudya, choncho nkhuku zopatsidwa dongo zimaposa zinzake chifukwa chotetezedwa. Pamene chakudya chili chabwino, zotsatira sizigwirizana: mayeso ena amapeza kusintha pang'ono, ena sapeza kanthu. Dongo lilibe mphamvu kapena mapuloteni, ndipo likachuluka limatenga malo a soya ndi usipa.

Chachiwiri, dongo silimagwira poizoni aliyense. Pa fumonisin, yemwe amapezeka kawirikawiri m'chimanga, mphamvu yake ndi yochepa. Silingalowenso m'malo mwa kuviika ndi kuyanika bwino chinangwa chowawa.

Chachitatu, dongo limatha kugwiranso mankhwala. Lamulo la European Union la 2013 linaloleza bentonite mpaka 2 peresenti ya chakudya, koma linachenjeza kuti asaperekedwe pamodzi ndi mankhwala akumwa a gulu la macrolide, monga tylosin, kapena ndi robenidine wa matenda a coccidiosis. Malipoti osatchula mankhwala amene nkhuku zinalandira amasiya funso lalikulu losayankhidwa.

Chachinayi, si dothi lililonse lomwe ndi bentonite. Mlimi akamva kuti dongo limathandiza, akhoza kukatapa pachulu kapena kudambo. Dothi lotero silinayezedwe, ndipo likhoza kukhala ndi mazira a nyongolotsi kapena zitsulo zoopsa. Ngakhale dongo la m'migodi linavutapo: mu 1997, nkhuku ku America zinapezeka ndi poizoni wa dioxin wochokera ku dongo lokumbidwa ku Mississippi lomwe linasakanizidwa mu soya.

Lipoti lililonse la dongo liyenera kutchula mtundu wa dongolo, mulingo wake, kuchuluka kwa aflatoxin m'chakudya, gulu la nkhuku zoyerekezera nazo zosapatsidwa dongo, ndi mtengo wokulitsa kilogalamu imodzi ya nyama. Lopanda zimenezi lisafike pa munda wachitsanzo kapena khola lophunzirirapo.

Uthenga kwa alimi uyambire pa kuyanika, kusankha ndi kusunga matumba pathandala, kutali ndi khoma. Dongo loyezedwa, la m'paketi yolembedwa mulingo, libwere pambuyo ngati chitetezo chowonjezera. Madeya onunkha chuku atayidwe, dongo likhalepo kapena ayi.